Njinga yamoto ikamanjanja, yang'anani oyilo wa m'foloko

Mlimi amene wamanga mathireyi a mazira kapena chigubu cha mkaka pakeliyala amaudziwa bwino msewu wafumbi. Bampu iliyonse imamudyera ndalama.

Njinga zamoto zakale ngati zimene ankayendera alangizi a zaulimi, monga Yamaha DT 125, AG 100 ndi Honda XL 125, zina zili m'manja mwa alimi tsopano. AG 100 inatuluka m'chaka cha 1973 ndipo anaipangira dala alimi a ku Australia ndi New Zealand. Injini zake n'zolimba, koma zambiri zikamenya bampu zimanjanja ngati mpira.

Eni ake ambiri amathamangira kukhwimitsa kamkombero kamene kali pansi pa sipuling'i ya mashoko akumbuyo. Kamkomberoka, kamene kawirikawiri kamakhala ndi masitepe 5, kamangothandiza kuti njinga isaphwathalale mukakweza katundu. Kunjanja sikuletsa ayi.

Chimene chimaletsa kunjanja ndi oyilo. M'kati mwa foloko yakutsogolo muli kandodo ka timabowo ting'onoting'ono. Tayala likagunda bampu, oyilo amapanikizika kudutsa m'timabowoto, ndipo ndiye amagwira sipuling'i kuti isabwerere mwaliwiro. Njinga zakalezi zilibe kabatani kosinthira ntchito imeneyi ngati zamakono zodula. Chosinthira chake ndi kulemera kwa oyiloyo basi.

Yesani chonchi: gwirani buleki yakutsogolo, kanikizani handulo mwamphamvu, kenaka musiye. Foloko yabwino imabwerera kamodzi n'kuima. Ikanjanja kawiri kapena katatu, oyilo wachepa kapena wasanduka madzi. Mafoloko ambiri akale ali ndi kabawuti kumunsi kotayira oyilo wakutha. Yambani ndi oyilo wa foloko wa 10W. Ikapitiriza kunjanja, kapena ikamamira kwambiri mukamanga buleki, yesani 15W, koma osalumpha kupitirira apo nthawi imodzi. Oyilo wolemera kwambiri amaumitsa foloko, ndiye pamsewu wa timizeremizere tayala limangodumpha osagwira pansi, manja n'kuchita dzanzi. Pokhota zimenezi zimagwetsa munthu.

Miyendo yonse iwiri ya foloko ilandire muyezo wofanana, monga mwa buku la njingayo. Yezani ndi jekeseni wamkulu, osati ndi maso. Ndipo amakanika ena apansi pa mtengo amathira oyilo wakuda wochotsa mu injini, ati kupulumutsa ndalama. Mukaneni, chifukwa muli tizitsulo timene timadya labala wotseka oyilo. Labalayo akayamba kudontha, oyilo amatsikira kutayala ndi kubuleki.

Kumbuyo nkhani yake ndi ina. Mashoko ambiri akale ndi omata, satsegulidwa. Akanyowa oyilo kunja ndiye kuti atha, ndipo pamene alipo awiri musinthe onse pamodzi, ngakhale thumba lidandaule.