Limba lamakedzana lalowa m'kompyuta: makwaya adziwe izi asanalipire situdiyo

Tikatha kukolola ndi kugulitsa cimanga, soya ndi mpendadzuwa, ndiyo nyengo imene makwaya ambiri a m'maparishi mwathu amayamba kuwerenga ndalama zimene asonkha kuti akajambulitse nyimbo zao ku situdiyo. Ndalama zimenezi sizitoledwa pamsewu ai. Ena analima munda wa kwaya, ena anapalira m'minda ya eni ake dzinja lonse, amai ena anagulitsa nkhuku. Tsono cimatiwawa nyimbozo zikatuluka pa wailesi, n'kupeza kuti kwaya ya kuno ndi kwaya ya kutsidya la Luangwa zikumveka ngati ana a mai mmodzi: kiyibodi ikudziimbira yokha ng'oma ndi besi, malipenga abodza akulira pamwamba, ndipo mau a anthu 40 amira pansi.

Cimene tifuna kuti aphunzitsi a kwaya ndi asungicuma adziwe ndi ici: masiku ano situdiyo iriyonse imene iri ndi kompyuta ingathe kutulutsa mau a limba lamagetsi lamakedzana lochedwa Hammond, limbalo kulibe m'cipindamo. Limba limeneli linapangidwira kuperekeza anthu oimba. Ambiri a ife tinalimva kale osadziwa dzina lake. Aliyense amene anavinako nyimbo za Soul Brothers a ku South Africa pa ukwati anamva zala za a Moses Ngwenya zikuyenda pa limba lotere.

Analipanga ndi a Laurens Hammond, munthu wa ku America amene poyamba anali kupanga mawoci oyendera magetsi ku Chicago. Limba lao loyamba, Model A, linayamba kugulitsidwa mu 1935 pa mtengo wa madola 1,250, ndipo ogula ambiri anali machalichi amene sakanatha kugula limba lalikulu la mapaipi. Opanga malimba a mapaipi sanakondwe. Mlandu unafika ku boma, ndipo mu 1937 anaika malimba awiriwo m'chalichi ca pa University of Chicago kuti anthu amvetsere osaona, anene lomwe likulira. Kangapo konse analephera kusiyanitsa. Komabe mu 1938 boma linaletsa a Hammond kulengeza kuti limba lao n'lofanana ndi la mapaipi. Amene analipatsa moyo wake-wake ndi Akristu akuda a ku Chicago komweko, kuyambira pa First Church of Deliverance mu 1939, ndipo pambuyo pake oimba jazi monga Jimmy Smith. Mtundu umene unachuka koposa ndi B-3, umene unatuluka mu 1954.

M'kati mwake mulibe mphepo kapena mapaipi. Amene anakwerapo njinga ya dainamo adzamvetsa msanga. Muli timawilo tacitsulo ta mano-mano m'mphepete, tozunguliridwa ndi mota, ndipo kalikonse kamazungulira pafupi ndi maginito okulungidwa waya. Dzino likadutsa pa maginito limadzutsa magetsi pang'ono, monga dainamo ikakhudza tayala. Kawilo ka mano ambiri kapena kothamanga kamapereka mau okwera, ka mano ocepa kamapereka mau otsika. Mu B-3 timawilo topereka mau tilipo 91, ndipo tonse timazungulira nthawi yonse limba likayatsidwa.

Woimba amasakaniza mau amenewa ndi timitengo 9 tokoka, tochedwa ma drawbar. Kalikonse kali ndi manambala kucokera pa 0 mpaka 8: ukakakankhira m'kati kamakhala cete, ukakakokera kunja mpaka pa 8 kamalira mokwanira. Tiwiri toyamba n'tofiirira ndipo timapereka mau okhuthala a pansi. Toyera timapereka noti imene wagwira ndi anzake a pamwamba a dzina lomwelo, monga do wapansi ndi do wapamwamba. Takuda ndito ndiwo zake, timaonjeza ukali. N'cifukwa cake oimba limba amauzana manambala monga alimi amauzana muyeso wa fetereza. Wina akati 888000000, ndiye kuti wakoka titatu toyamba mpaka kumapeto, totsala wasiya. Umenewo ndiwo muyeso umene unachuka ndi Jimmy Smith.

Cocititsa cidwi n'cakuti zimene a Hammond anali kuziona ngati zilema ndizo anthu anazikonda. Pansi pa kiyi iriyonse pali timawaya 9 tofunika kukhudzana, ndipo sitikhudzana nthawi imodzi, motero pamamveka kakuti "tha" noti isanayambe. Akatswiri a kampani anayesa kukacotsa, oimba anati kasiyeni. Ndiponso timawilo toyandikana timaberana mau pang'ono, ndiye limba limakhala ngati likupuma ngakhale wagwira noti imodzi. Cacikulu pa zonse ndi sipika ya a Donald Leslie, imene inayamba kugulitsidwa mu 1941. M'bokosi lake muli lipenga lozungulira, kapena pang'onopang'ono, maulendo ngati 50 pa mineti, kapena mothamanga, ngati 400. Mau amabwera kwa iwe n'kucokanso, monga hutala ya basi imasinthira ikakudutsa pa msewu wa Great East. A Hammond sanaifune sipikayi ngakhale pang'ono, koma lero palibe amene amaganiza za limba lao popanda iyo.

Wina angafunse kuti, bwanji parishi isangogula limba lenilenilo? Malimba a timawilo analeka kupangidwa mu 1975, ndipo kampani yoyambayo inatsekedwa mu 1985. Dzina la Hammond tsopano liri m'manja mwa a Suzuki a ku Japan. B-3 pamodzi ndi mpando ndi makiyi ake a kumapazi imalemera makilogiramu ngati 190, pafupifupi matumba 4 a cimanga, osawerengera sipika. Imafuna mafuta ake-ake caka ndi caka, ndi munthu wodziwa kuikonza. Ndipo pali msampha wina. Mota yake imayendera kugunda kwa magetsi a dziko, kumene ku America kuli 60 pa sekondi pamene kuno kuli 50. Limba la ku America mukalilumikiza kuno popanda cosinthira, lonse limatsika: mukagwira do, limalira ca ku la wapansi. Conco ngati abale athu a kunja afuna kutumizira parishi mphatso yotere, ayambe afunsa za ici.

Apa ndipo kompyuta yathandiza. Mu 2000 kampani ya Native Instruments ya ku Berlin inatulutsa pulogalamu yochedwa B4, imene inadabwitsa oimba ambiri. Imeneyo siigulitsidwanso, koma zinabwera zina: VB3 ya a Guido Scognamiglio a ku Italy, B-3 V ya a Arturia a ku France, ndi Hammond B-3X imene a IK Multimedia anatulutsa mu 2019 mogwirizana ndi eni dzina. Palinso setBfree, imene eni ake anaipereka kwaulere pa intaneti. Mapulogalamu amenewa asiyana ndi mau a "organ" a m'kiyibodi wamba. M'kiyibodi zambiri zochipa, munthu anajambula noti za limba n'kuzisunga, ndipo mukagwira kiyi imangobwereza cojambulaco, ngati cithunzi. Pulogalamu yabwino imawerengera ndi masamu zimene kawilo kalikonse, kawaya kalikonse ndi lipenga lozungulira lija zikanacita pa nthawi imeneyo. Ma drawbar amaoneka pa kompyuta, mumawakoka nyimbo iri m'kati, ndipo mau amasintha pomwepo.

Zofunika si zambiri. Laputopu, pulogalamuyo, ndi kiyibodi iriyonse imene iri ndi polowetsa MIDI kapena USB, ngakhale yakale ija ya ku parishi imene masipika ake anang'ambika, cifukwa nchito yake apa ndi kungouza kompyuta kiyi imene yagwidwa. Bvuto limene anyamata amakumana nalo kawirikawiri ndi kucedwa kwa mau: wagwira kiyi, limba likuyankha pambuyo ngati mwana wotumidwa kumadzi. Mankhwala ake ndi kabokosi ka mau kochedwa audio interface, kapena pa Windows kapulogalamu kaulere ka ASIO4ALL. Tinenenso za mapulogalamu akuba amene amayenda pa mafulashi m'misika. Kwaya imene ikuimba za cilungamo ifunse mwini situdiyo ngati anagula zimene akugwiritsa nchito. Ndiponso mapulogalamu otere ndiwo amabweretsa mavairasi, ndipo nyimbo za caka conse zingathe kutayika usiku umodzi. Poti yaulere yololedwa iripo, palibe cifukwa cobera.

Komatu pulogalamu siimba yokha, ndipo apa ndi pamene tifuna kukhalitsa. Ana athu ambiri anaphunzira kiyibodi mwa kugwira makiyi atatu kumanzere, makina n'kumalizitsa zonse. Limba silitero. Noti imalira kokha pamene cala ciri pa kiyi. Ukacotsa cala, yafa pomwepo, palibe copondera coti iikoke ngati pa piyano. Woimba ayenera kuphunzira kuyendetsa zala kuti noti ina isafe inzake isanabadwe, ndi kusiya cala pa noti imene ikupezekanso m'makiyi otsatira. Ndiponso kumenya kiyi mwamphamvu sikukweza mau. Mau amakwezedwa ndi phazi, pa copondera ca volyumu, ndipo m'phazi limenelo ndimo muli mtima wa limba: kutsika pamene wotsogolera nyimbo akuitana yekha, kukwera pamene kwaya yonse ikuvomera. Copondera cimeneci n'cochipa poyerekeza ndi zina zonse, koma m'masitudiyo ambiri simudzacipeza. Kwaya ingathe kugula cake n'kupita naco.

Pa za muyeso, ife tingalangize kuyamba mocepa. Siyani tofiirira tija pa 0, cifukwa mau ake amalimbana ndi abambo a besi ndipo zonse zimasanduka matope. Yesani 008604000, sipika ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo muithamangitse pa ndime yomaliza cabe kapena pa Aleluya. Wacinyamata akaona timitengo 9 amafuna kukoka tonse. Muuzeni mwaulemu kuti cinenero cathu cimayenda ndi kukwera ndi kutsika kwa mau, ndipo ngati agogo a kumudzi sakumva zimene kwaya ikunena, ndalama ya nkhuku ija yapita pacabe. Palinso kabatani kolembedwa percussion, kamene kamaonjeza kakugunda konga belu pa ciyambi ca noti. Kamagwira kokha ngati zala zonse zinacoka pa makiyi, motero n'kabwino pa nyimbo zovina, koma pa nyimbo ya Mgonero kazimitseni.

Kajambulidwe nakonso n'kofunika kukambirana musanapereke ndalama. Masitudiyo ambiri amayamba kupanga cigoba ca nyimbo pa Cubase kapena FL Studio, kenaka n'kuuza kwaya kuti itsatire. N'capafupi kwa iwo, koma nyimbo zathu siziyenda ngati woci. Zimayamba mwakacetecete, ng'oma ndi zisekese zikatentha zimathamangako, ndipo kukoma kwake kuli pomwepo. Pemphani kuti ajambule kwaya ndi ng'oma zake poyamba, limba libwere pambuyo kudzatsatira. Kuti kwaya isatsike, monga icitira ikatopa, mphunzitsi avale mahedifoni amene akumupatsa limba lapansipansi. Ubwino wina wa kompyuta ndi wakuti imasunga makiyi amene agwidwa, osati mau okha. Ngati mwamvetsera n'kupeza kuti limba lakula kapena laopsa, amangosintha ma drawbar, woimba osabwerezanso. Noti yolakwika amaisuntha ndi dzanja.

Ena adzafunsa ngati n'kololedwa kubweretsa laputopu pa Misa. Msonkhano wa Vatican II, m'cikalata cake ca za mapemphero ca mu 1963, unapereka ulemu woyamba kwa limba la mapaipi, koma unalolanso zoimbira zina ngati akulu a Mpingo a m'dera avomereza kuti n'zoyenera. Ng'oma zathu zinalowa m'chalichi pa khomo lomwelo. Conco nkhani imeneyo ipite kwa Bambo Mfumu ndi komiti ya mapemphero, ndipo pa Lenti limba lingothandiza nyimbo, lisalire lokha. Ife maganizo athu ndi akuti cida cimeneci malo ake eni-eni ndi ku situdiyo ndi pophunzirira. Tonse tikumbukira 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Laputopu, kabokosi ka mau ndi ampulifaya ndi zinthu zitatu zofuna magetsi ndi nthambo zake, ndipo ku masenta akumidzi fumbi la mwezi wa Okutobala silisankha cida.

Conco pa bajeti ya kwaya, ndalama yoyamba isapite ku pulogalamu yodula. Ipite kwa mnyamata kapena mtsikana mmodzi, kuti akhale miyezi iwiri kapena itatu akuphunzira kagwiridwe ka limba kwa munthu amene anaphunzira pa limba lopopa ndi mapazi. M'maparishi akale a mishoni akalipo okalamba otere, ndipo zala zao zidziwa kale zimene tanenazi. Pofika tsiku lopita ku situdiyo, asungicuma alembe m'pangano kuti pa mapeto kwaya idzalandira pa fulashi yake nyimbo zomalizidwa, mau a kwaya paokha, ndi mafailo a MIDI a limba. Mukatero, ngati caka camawa mwafuna kukonzanso nyimbozo ku situdiyo ina, simudzalipiranso thiransipoti ya anthu 40.