Ndalama ya ndiwo ifike bwanji kumapeto kwa mwezi?

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yophunzitsa za kadyedwe, ambiri amaganiza kuti ndiwaletsa nsima, kapena ndiwatuma kusitolo zikuluzikulu kukagula maapozi ndi tchizi. Ena amandiuza maso ndi maso kuti, "Zimenezo n'za opeza bwino, ife timadya kuti tigone basi." Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa ntchito yathu phindu lake limaoneka kwambiri pabanja lomwe ndalama yake ndi yowerengeka. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mayi wa ku Ndirande, Kawale kapena Zolozolo akudziwa yekha kuti ndalama yomwe inkadzadza jumbo lero ikungobweretsa timilu tiwiri. Ntchito yathu tsono ndi kuyankha funso limodzi: pa kandalama komweko, tigule chiyani kuti thupi lipindule?

Kusikelo ndi pawailesi mwamvapo za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba ndi mtedza, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta. Anthu ambiri akamva nambalayi amaona ngati pafunika miphika isanu ndi umodzi pamoto. Ayi ndithu. Phikani nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi nsinjiro, ndi usipa wothira tomato ndi timafuta pang'ono. Mukatha kudya, aliyense alandire nthochi. Magulu onse akwana pamenepo, ndipo zonsezi mwazipeza pamsika wapafupi ndi kwanu.

Timalimbikira nkhaniyi chifukwa kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Si onse mwa ana amenewa amagona ndi njala. Ambiri amakhuta, koma amakhuta phala la ufa woyera lothira mchere ndi nsima yonyowetsa ndi msuzi. Mimba imadzadza, thupi ndi ubongo n'kumaperewera.

Nanga ndalama imathawira kuti? Pali mabowo awiri. Loyamba ndi kugula pang'onopang'ono: ka walkman ka ufa madzulo aliwonse, mafuta a m'kachubu, shuga wa m'kapepala. Mukawonkhetsa pa mwezi mupeza kuti mwalipira zambiri kuposa mnzanu amene anagula chimanga cha ndowa n'kukagayitsa yekha. Wodalira ganyu sindingamudzudzule, poti amagula malinga ndi zomwe wapeza tsikulo. Komabe ndaona amayi atatu kapena anayi oyandikana nyumba akusonkherana, kugula botolo lalikulu la mafuta kapena ndowa ya nyemba, n'kugawana. Njira imeneyi imathandiza, ndipo gulu la banki m'khonde lingathe kuiyendetsa mosavuta.

Bowo lachiwiri ndi la olandira malipiro a pamwezi. Masiku atatu oyamba m'nyumba mumanunkhira nkhuku, soseji ndi zakumwa za m'mabotolo. Pofika pakati pa mwezi, kabichi masana, kabichi madzulo. Langizo langa ndi lakuti ndalama ikangofika, gulani kaye zosawonongeka msanga za mwezi wonse: chimanga, nyemba, mtedza, nsomba zouma, mafuta, mchere, shuga ndi makala. Yotsalayo igaweni panayi, gawo lililonse likhale la sabata imodzi, logulira masamba, tomato, anyezi, mazira ndi zipatso. Gawo la sabata yachinayi lisungeni kutali ndi dzanja. Ngati m'nyumba ndi movuta, likhale pafoni.

Lamulungu madzulo, musanaganize za kumsika, suzumirani kaye m'madengu ndi m'zigubu kuti muone chatsala n'chiyani. Kenako lembani ndiwo za masiku asanu ndi awiri. Nsima siifuna kulembedwa, imadziwika kale. Ine ndimauza mabanja kuti nyemba, khobwe kapena nandolo zionekere kawiri kapena katatu, nsomba zing'onozing'ono kawiri, mazira kapena soya pieces kamodzi, nyama kamodzi ngati thumba lalola. Masamba akhalepo tsiku lililonse, mosinthasintha: bonongwe, mpiru, chisoso, kholowa, chigwada. Chisoso ndi bonongwe zimamera zokha kuseri kwa nyumba, koma thanzi lake limaposa la kabichi amene timamutayira ndalama.

Pa nsomba ndikufuna ndiimepo pang'ono. Anthu amanyoza usipa, bonya ndi matemba n'kumasirira chambo. Koma kansomba kakang'ono timakadya konse, mutu, minga ndi zam'kati, ndipo m'menemo ndi momwe muli zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi. Mwana wamng'ono amene sangatafune, musinjireni usipa wokazinga n'kuthira supuni imodzi m'phala lake. Chimodzimodzi kwa abutchala: kachidutswa ka chiwindi kamapatsa mwana kapena mayi woyembekezera ayironi ndi vitamini A wambiri kuposa nyama ya mnofu ya mtengo womwewo. Woyembekezera adye pang'ono, osati tsiku ndi tsiku.

Kadzutsa amadya ndalama mwakachetechete. Buledi wa banja lonse m'mawa uliwonse ndi katundu wolemera, chonsecho mwana amamva njala isanakwane nthawi yopuma kusukulu. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya limakhalitsa m'mimba. Mbatata yofiira m'kati nayo ndi yabwino, imapatsa vitamini A.

Gulaninso motsata nyengo. Kuyambira Epulo mpaka Julayi, anthu akangokolola, chimanga, nyemba ndi mtedza zimatsika mtengo, ndipo zimakwera kwambiri kuyambira Januwale mpaka Malichi. Amene angathe agule nthawi yokolola n'kusunga pouma. Mukamadutsa pa Lizulu, Tsangano kapena Jenda, mbatatesi, tomato ndi anyezi zimakhala zotsikirapo kuposa m'tauni. Masamba akachuluka nthawi ya dzinja, futsani. Mfutso umapulumutsa banja mu Okutobala. Mango, magwafa, masuku, malambe ndi bwemba ndi zipatso zenizeni, musadikire za m'sitolo.

Koma pali kutchipa kwina komwe ndimakukaniza. Mtedza wofota, wakuda kapena wowawa, ndiponso chimanga chowola, zimakhala ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu safa ndi moto, amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, komanso amasokoneza kakulidwe ka ana. Nsinjiro yosinjasinja kale simungadziwe kuti inachokera ku mtedza wotani. Gulani mtedza wathunthu, sankhani, tayani woipawo, musinje nokha. Mchere gulani wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo mafuta ophikira akhale osonyeza kuti anathiramo vitamini A.

Makala nawonso ndi gawo la ndalama ya chakudya. Nyemba zikagona m'madzi usiku zimapsa msanga, ndipo mungaphike za masiku awiri pamoto umodzi, bola kuziwiritsanso bwino musanadye. Masamba asakhalitse pamoto, ndipo soda kapena chidulo muchepetse chifukwa zimapha mavitamini. Tiyi musamwere pamodzi ndi chakudya chachikulu, amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Dikirani ola limodzi.

Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Kusiya ndalama ya ndiwo patebulo n'kudzafunsa madzulo kuti nyama ili kuti sikuthandiza banja. Khalani pansi ndi mayi a kunyumba Lamulungu likudzali, mulembere limodzi ndiwo za sabata, ndipo tsiku lina mupite nawo kumsika mukadzionere mitengo. Pogawa ndiwo, mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, ndipo dzira kapena nsomba ziyambe zafika m'mbale imeneyo.