Laputopu ya ku Joni Yayamba Kuchedwa? Musafulumire Kuitaya

M'makomo ambiri a m'tauni ya Nkhata Bay muli laputopu imene inabwera m'chikwama cha m'bale wochokera ku Joni. Makinawa amafika atagwira kale ntchito zaka zambiri kwa eni ake oyamba. Mwana wa Fomu 4 akaiyatsa kuti alembe ntchito ya kusukulu, amatha kukatsuka mbale n'kubwerako isanatsegukebe. Yatsopano ndi yodula, ndipo makolo ambiri sangaigule fizi ikudikira.

Vutoli lakula chifukwa pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makina ambiri akale alibe. Koma kompyutayo sinafe ayi. Yangolemedwa, ngati bwato limene lanyamula matumba oposa msinkhu wake.

M'malo mwa Windows mungathe kuikamo Linux, imene ndi yaulere. Pa Linux mumasankhanso nokha nkhope ya kompyutayo: mawindo, mabatani, ndi pamene mumadina pofuna kutsegula pulogalamu. Akatswiri amati desktop environment. Nkhope zina, monga GNOME, n'zokongola koma zimadya RAM yambiri musanatsegule n'kalata yomwe. Zina n'zopepuka, ndipo zimasiyira malo ntchito ya mwanayo.

Yambani mwaona kuchuluka kwa RAM. Ngati ili 4 GB, kapena yoposa 2 GB, ine ndingasankhire banja Xfce, imene Olivier Fourdan wa ku France anaiyamba mu 1996. Imapezeka mu Linux Mint Xfce ndi mu Xubuntu. Pa Linux Mint batani loyambira lili pansi kumanzere monga pa Windows 7, choncho bambo kapena mayi amene anazolowera zakale sasochera. Zimenezi musazipeputse. Kompyuta ya pabanja imagwiridwa ndi manja ambiri, ndipo nkhope yosokoneza imabwezeretsa makinawo m'kabati.

RAM ikakhala 2 GB kapena kucheperapo pang'ono, yesani LXQt, imene imabwera mu Lubuntu. LXQt inachokera ku LXDE, imene Hong Jen Yee wa ku Taiwan anaiyamba mu 2006. Chosangalatsa n'chakuti munthuyu anaphunzira udokotala. Makompyuta inali ntchito ya pambali. Makina akale kwambiri, a mtundu wa 32-bit, sangalandire Lubuntu kapena Xubuntu wa masiku ano. Amenewo amayenda ndi antiX, ngakhale kuti maonekedwe ake ndi ouma ndipo amafuna munthu wodekha.

Tisanamizane: nkhope yopepuka siichepetsa kulemera kwa intaneti. YouTube ndi Facebook zimadya RAM yochuluka kuposa nkhopeyo. Pa makina a 2 GB tsegulani masamba awiri kapena atatu basi. Koma kulemba mu LibreOffice, kuwerenga mabuku a PDF ndi kusunga kawundula wa ndalama za pakhomo zimayenda bwino, ndipo sizifuna bandulo.

Musafufute Windows tsiku loyamba. Linux imatha kuyenda kuchokera pa fulashi popanda kukhudza zimene zili m'kompyuta. Fayilo yake imakhala pafupifupi 3 GB, choncho pezani fulashi ya 8 GB, ndipo mabanja angapo angathe kusonkherana bandulo n'kukopa kamodzi. Amene amapita ku Mzuzu angakakopere komweko. Poyesa, onani ngati mawu akumveka, Wi-Fi ikugwira, ndiponso ngati foni yolumikizidwa ndi chingwe ikupereka intaneti. Kulitsani zilembo kuti agogo asamatsinzine powerenga. Zonse zikayenda, sungani kaye zithunzi za ukwati ndi makalata ofunika pa fulashi ina, chifukwa kuika Linux pa diski yonse kumafufuta zonse.

Kuno kunyanja kumatentha, makamaka mu October ndi November, ndipo kompyuta ikatentha imachepetsa yokha liwiro kuti isapse. Ena amadandaula za pulogalamu pamene vuto ndi fumbi limene latseka kafani. Musaiike pamatiresi kapena pamiyendo. Thebulo kapena thabwa losalala limalola mpweya kudutsa pansi. Batire likatupa, lichotseni msanga ndipo musaliponye pamoto kapena m'nyanja. Laputopu zambiri zakale zimayaka bwinobwino ndi chaja chokha, kungoti magetsi akazima zimazimira pomwepo, choncho mwanayo azolowere kudina Ctrl ndi S akamaliza ndime iliyonse.