Ulendo wa ku Tunisia ndi makapeti a ku Kairouan

Tunisia ndi dziko la mu Africa. Lili kumpoto kwenikweni, m'mbali mwa nyanja yaikulu ya Mediterranean. Madzi a nyanja iyi ndi amcere. Anthu a kumeneko amalankhula Ciarabu.

Alendo ambiri amapita ku Tunisia kukaona malo. Ulendo umayambira ku Tunis, likulu la dzikolo. Pafupi ndi Tunis pali Carthage, pomwe pali mabwinja a mzinda wakalekale. Palinso mudzi wa Sidi Bou Said. Nyumba zake ndi zoyera, zitseko zake ndi zamtundu wa thambo.

Kucoka apo alendo amalowera kumwera. Amafika ku Nabeul, kumene anthu amaumba mbale ndi miphika, ndiponso amaluka mikeka. Akapitirira amafika ku Sousse, mzinda wa doko wokhala ndi linga lakale. M'njira amaona minda ya maolivi ndi abusa a nkhosa.

Ku Sousse alendo amasiya nyanja. Amayenda mtunda pafupifupi makilomita 60 mpaka ku Kairouan. Mzinda uwu unayamba m'caka ca 670. Ndi wodziwika cifukwa ca mzikiti wake waukulu ndi makapeti ake.

Kapeti ndi coyala pansi, ngati mphasa kapena mkeka. Koma kapeti amailuka ndi ubweya wa nkhosa. Poyamba amameta nkhosa. Amacapa ubweya, amaupota kuti ukhale ulusi, kenaka amaunyika mu utoto. Mayi woluka amakhala pansi patsogolo pa cimango ca mitengo. Pa cimangopo pali ulusi wokungidwa kucoka pamwamba kufika pansi. Mayiyo amamanga mfundo imodzi, amadula ulusi, amamanganso ina. Kapeti imodzi ili ndi mfundo zikwizikwi. Kuti yaikulu ithe pamapita miyezi. Atsikana ambiri amaphunzira luso ili kwa amayi awo.

M'sitolo wogulitsa amapatsa alendo tiyi. Amayala makapeti pansi, imodziimodzi. Wogula wanzeru amatembenuza kapeti n'kuona kumbuyo kwake. Mfundo za manja sizifanana ndendende ngati za makina. Mfundo zikakhala zazing'ono ndi zothithikana, kapetiyo ndi yolimba ndipo mtengo wake ndi wokwera.

Wogula ndi wogulitsa amakambirana mtengo. Ndalama za kumeneko ndi dinar. Makapeti a makina ndi otsika mtengo, koma mayi woluka ndi manja sangagulitse cimodzimodzi. Ndalama za kapeti ndizo zimagula cakudya ca ana ake. Mtengo ukatsika kwambiri, iye amataya mtima ndipo luso limatha.

Mafunso

1. Kodi Tunisia ili m'mbali mwa nyanja iti?
2. Kodi kapeti amailuka ndi ciyani?
3. Ndani amaluka mphasa kapena mikeka kwanu? Mufunseni masiku amene amatenga kuti amalize.