Kupala mwaye m'chumuni: kuchoka pa nsungwi ndi chiguduli kupita pa burashi ya waya

Mbaula ya chumuni imapulumutsa nkhuni ndi kuteteza wophika ku utsi pokhapokha chumunicho chikamakoka bwino. Ku Odisha m'dziko la India, akatswiri anatsata mabanja amene analandira mbaula zotere kwa zaka zinayi. Utsi unachepa m'chaka choyamba chokha, kenaka phindu linazilala chifukwa mabanja ambiri sankazisamala. Phunziroli likukhudzanso Limbuli.

Gwero la vuto

Dera la Limbuli limalandira mvula yambiri, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimachedwetsa nkhuni kuuma. Mtengo wa bulugamu wongodula kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Nkhuni zotere zimafuka utsi wozizira umene umasiya mwaye ndi phula lomata m'kati mwa paipi.

Paipi ya masentimita 10 m'mimba mwake ikamatidwa mwaye wochindikala sentimita imodzi kuzungulira, mpata umatsala masentimita 8. Apa njira ya utsi yachepa ndi magawo 36 pa 100 alionse. Moto umafooka, nkhuni zimatha msanga, ndipo utsi umabwerera m'khitchini. Phula likachuluka limathanso kuyaka n'kutentha denga.

Kusiyana kwa zida

Nsungwi yomangirira chiguduli silira ndalama, ndipo imachotsa mwaye wofewa. Koma imangotsetsereka pa phula louma, sikhota pamene paipi yapindika, ndipo chiguduli chikasomphoka chimatseka chumuni.

Burashi yozungulira ya waya imakanda mbali zonse nthawi imodzi. Ina imakankhidwa ndi ndodo zolumikiza. Ina imamangidwa chingwe mbali ziwiri, munthu mmodzi n'kumakoka pamwamba, wina pansi. Kuipa kwake n'kwakuti imaboola paipi ya malata imene yadyeka dzimbiri, komanso imagumula chumuni chomata ndi dothi. Pamenepo pafunika burashi ya pulasitiki yolimba.

Zoti alangizi atsindike

1. Paipi iyezedwe kaye. Burashi yaing'ono imasiya phula, yaikulu imakanirira.
2. Ntchito igwiridwe m'mawa moto usanasonkhedwe, chumuni chili chozizira.
3. Wopala avale chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo asambe akamaliza. Mwaye umawononga mapapo ndi khungu.
4. Mwaye wogwera pansi uchotsedwe wonse, apo ayi utsekanso njira.
5. Pomaliza ayatse kapepala pakhomo la mbaula. Lawi likaweramira m'kati, chumuni chikukoka.

Burashi sifunika tsiku ndi tsiku, choncho imodzi ingakwanire kalabu yonse ikamasungidwa kwa mlimi wachitsanzo. Nsungwi isatayidwe: izigwirabe ntchito yochotsa mwaye wofewa sabata ndi sabata, burashi izibwera phula likayamba kuuma. Komabe chida chilichonse chimalephera ngati nkhuni zili zaziwisi. Ziwazidwe, zisanjidwe pamthandala pansi pa denga, ndipo ziume mvula isanayambe.