Mawu ndi a munthu, nkhope ndi ya kampani: kodi akatswiri ochita kujambula ndi a yani?

Pa 1 May 2025, anthu miyandamiyanda m'maiko osiyanasiyana anatsegula YouTube kuti atsanzikane ndi mtsikana amene sanabadwepo. Dzina lake ndi Gawr Gura, chithunzi chojambulidwa monga makatuni a ku Japan: kamtsikana ka tsitsi loyera, mano akuthwa ndi mchira wa shaki, nsomba yolusa ya m'nyanja zamchere. Kuyambira mu September 2020, Gura ankaimba, kusewera masewero a pakompyuta ndi kucheza ndi anthu pa intaneti, mpaka olembetsa pa tsamba lake anapitirira 4 miliyoni.

Komatu amene ankatsanzika tsikulo anali munthu weniweni, mkazi amene ankalankhula kuseri kwa chithunzicho. Iye ananena yekha kuti akuchoka chifukwa chosagwirizana ndi akuluakulu a kampani komanso kumene kampaniyo ikulowera. Ananyamula mawu ake okha. Dzina, nkhope ndi tsamba lonse zinatsala m'manja mwa Cover Corporation ya ku Tokyo, eni ake a gulu la Hololive.

Otsatira ake anakangana kwa milungu ingapo: kodi amene ankamukondayo ndi uti, wapitayo kapena watsalayo? Funso limeneli si lachilendo kwa kagulu kena ka owerenga, amene akhala akulitafuna kuchokera mu 1998 chifukwa cha nthano ina ya m'zithunzi yotchedwa Freefall.

Mmbulu wokhala ndi mwini wake

Freefall ndi nthano imene Mark Stanley wa ku America amajambula ndi kuiika pa intaneti katatu pa mlungu, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Kawirikawiri tsiku lililonse pamakhala tizithunzi titatu, ndipo kachitatuko kamathera pa nthabwala. Ambiri mwa oikonda ndi a gulu lodzitcha furry, liwu la Chingerezi lonena za chinthu chaubweya. Awa ndi anthu okonda nyama zopatsidwa nzeru ndi malankhulidwe a munthu. Amazijambula, amazilembera nkhani, ndipo ena amasoketsa zovala zonga nyamazo n'kumakavala kumisonkhano yawo. Msonkhano wa Anthrocon, umene umachitika chaka ndi chaka mumzinda wa Pittsburgh, umasonkhanitsa anthu oposa 10,000. Kwa munthu amene anakula akumva za Kalulu ndi Fisi, nyama yolankhula si chodabwitsa. Chodabwitsa mwina n'kuona akuluakulu a ndevu zawo akulipira ndege kukakumana chifukwa cha iyo.

Mwini nkhani mu Freefall ndi Florence Ambrose, mmbulu wamkazi amene kampani ya Ecosystems Unlimited inamusintha chibadwa kuti aziganiza, kulankhula ndi kuyenda ndi miyendo iwiri. Ndi injiniya waluso. Amagwira ntchito m'chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Savage Chicken, chimene woyendetsa wake, Sam Starfall, ndi cholengedwa cha kudziko lina, kathyali wosachita manyazi ndi kuba. Zonsezi zikuchitika pa pulaneti yotchedwa Jean, imene anthu akuikonza kuti ikhale yokhalamo.

Florence ndi wanzeru kuposa ambiri mwa anthu omuzungulira, koma pamaso pa malamulo ndi katundu. Ali ndi mwini wake. M'bongo mwake anaikamo zomangira zomukakamiza kumvera lamulo lachindunji la munthu waudindo, ngakhale lamulolo likhale lopusa. Mimbulu ya mtundu wake ilipo 14 yokha, ndipo kuti idzachuluke kapena ithe zili m'manja mwa kampani. Stanley anatengera maganizo amenewa ku malamulo atatu a maloboti amene Isaac Asimov anawalemba mu 1942, koma iye amafunsa chimene chingachitike ngati womangidwa ndi malamulowo ali ndi chikumbumtima choposa cha womulamula.

Pachimake pa nthanoyi, mmodzi wa mabwana a kampani, Kornada, akukonza zotumiza pulogalamu yotchedwa Gardener in the Dark m'mitu ya maloboti 450 miliyoni a pa Jean. Malobotiwo anali atayamba kudzizindikira ndi kusunga ndalama zawo, ndipo pulogalamuyo ikanawasadza ubongo ngati mitengo, chumacho n'kugwera kwa Kornada. Mphamvu ya nthanoyi ili pakuti Florence sachita chipolowe. Amayenda khomo ndi khomo kufuna munthu waudindo woti amumvere. Ndipo pakati pa maloboti omwewo pali mmodzi, Blunt, amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mtundu wake uyenera kuwonongedwa kuti anthu akhale otetezeka. Owerenga akhala akugawikana pa Blunt kwa zaka zambiri, popeza mfundo zake sizigwa msanga monga mmene munthu angafunire.

Woimba wogulitsidwa m'bokosi

Pamene Florence ankavutika ndi umwini papepala, ku Japan kunabadwa woimba amene analidi katundu wogulitsa m'sitolo. Pa 31 August 2007, kampani ya Crypton Future Media ya mumzinda wa Sapporo inatulutsa Hatsune Miku, pulogalamu ya pakompyuta yomangidwa pa luso la Vocaloid la kampani ya Yamaha. Mawu ake anatengedwa kwa Saki Fujita, katswiri wa zisudzo zamawu, n'kudulidwa m'tizidutswa. Wogula pulogalamuyo amalemba mawu a nyimbo ndi kamvekedwe kake, ndipo kompyuta imalumikiza tizidutswato kukhala kuimba. Pabokosi anajambulapo mtsikana wa zaka 16 wa tsitsi lalitali lobiriwira, lomangidwa pawiri.

Crypton inachita chinthu chimene makampani ambiri amachiopa: inalola anthu kujambula ndi kugwiritsa ntchito Miku pa zinthu zosachita malonda. Zotsatira zake, nyimbo zake zoposa 100,000 zinapekedwa ndi anthu wamba m'zipinda zawo. Mu 2014 Miku anatsegulira makonsati a Lady Gaga ndipo anaonekera pa pulogalamu ya David Letterman. Mu 2024 anaimba ku chikondwerero cha Coachella ku California. Pasiteji amakhala kuwala chabe, koma oimba zida amakhala anthu enieni.

N'chifukwa chake otsatira ake amakonda kunena kuti Miku ndi wa aliyense. Nkhani ya Akihiko Kondo inasonyeza pamene mawuwo amathera. Mu November 2018, bamboyu anachita mwambo wa ukwati ndi Miku ku Tokyo, ukwati umene boma silinauvomereze. Ankalankhula naye kudzera m'kachipangizo ka kampani ya Gatebox. Mu 2020 kampaniyo inaleka kupereka ntchito imeneyo, ndipo kucheza kwawo kunathera pomwepo. Ambiri anamuseka Kondo, koma chimene chinamuchitikira n'chimene chimadikira aliyense wokonda chinthu chimene makiyi ake ali ndi wina.

Munthu wam'kati

Miku alibe womulankhulira tsiku ndi tsiku. Gawr Gura ndi anzake, amene amatchedwa ma VTuber, ali naye. Munthu amakhala kutsogolo kwa kamera, pulogalamu imatsatira maso, pakamwa ndi mutu wake, ndipo chithunzi chojambulidwa chimaphethira ndi kuseka limodzi naye. Owonera amatumiza ndalama pamodzi ndi mauthenga. YouTube imatengapo 30 pa 100 iliyonse, ndipo zotsalazo amagawana wolankhulayo ndi kampani yake. Ambiri mwa zithunzizi ndi theka munthu theka nyama, monga Inugami Korone amene ndi galu ndi Shirakami Fubuki amene ndi nkhandwe, ndipo ndi pamenepa pamene okonda ma VTuber amakumanirana ndi a furry, ngakhale magulu awiriwa sakonda kuphatikizidwa.

A ku Japan amamutcha wolankhulayo kuti naka no hito, kutanthauza munthu wam'kati. Kumuulula dzina ndi mwano waukulu pakati pa otsatira. Akasiya ntchito amati wamaliza maphunziro, mawu ofewa amene nthawi zina amaphimba mikangano yowawa.

Kodi kampani ingachotse munthu wam'katiyo n'kuikamo wina? Anayesapo. Kizuna AI, amene anayamba mu 2016 ndipo ndiye anatchukitsa dzina lakuti VTuber, anali wa kampani ya Activ8. Mu 2019 kampaniyo inabweretsa anthu ena oti azilankhula ndi nkhope yomweyo. Otsatira anakwiya, ambiri anachoka, ndipo chaka chotsatira zinalengezedwa poyera kuti mawu oyambirira anali a Nozomi Kasuga. Kampani inali ndi mapepala onse a umwini, koma inazindikira kuti anthu ankabwerera chifukwa cha kaseka ndi kalankhulidwe ka munthu mmodzi.

Makhoti nawo ayamba kuona chimodzimodzi. Mu 2022 bwalo la milandu la ku Osaka linagamula kuti kunyoza VTuber pa intaneti ndi kunyoza munthu wam'kati, popeza chithunzicho chili ngati chovala chimene iye wavala. Chigamulocho chinateteza ulemu wake, koma sichinakhudze funso la amene ali mwini chovalacho. Apa ndi pamene owerenga Freefall angaone chinthu chozondoka. M'nthano yawo, chopangidwa ndicho chikumenyera ufulu kwa anthu. M'dziko lenileni, amene ali pamalo a Florence ndi munthu: waluso, wokondedwa, koma wogwira ntchito m'thupi la eni ake, loti sangachoke nalo.

Kampani ya VShojo ya ku America inayamba mu 2020 ndi lonjezo losiyana, lakuti aliyense akhale mwini wa chithunzi chake. Mu July 2025 katswiri wake wamkulu, Ironmouse wa ku Puerto Rico, amene amadwala matenda ofooketsa chitetezo cha m'thupi, analengeza kuti akuchoka. Anati kampaniyo sinamulipire ndalama zake ndipo sinapereke madola oposa 500,000 amene anasonkhetsera bungwe la Immune Deficiency Foundation. Patangopita masiku ochepa VShojo inatseka. Umwini wa nkhope sunateteze ndalama zake, komabe anatuluka ndi dzina lake ndi otsatira ake, zimene mkazi wa kuseri kwa Gura sanathe.

Khungu lakuda lobwereka

Kwa anthu a ku Africa okhala kunja, mkanganowu uli ndi mbali ina yopweteka. Mu 2017 panatulukira Shudu, chiphadzuwa chakuda bii choonetsa zovala, chokhala ndi mikombero m'khosi yonga ya amayi a Chindebele. Ambiri ankayesa ndi munthu. Kenaka zinadziwika kuti anamupanga pakompyuta ndi Cameron-James Wilson, mzungu wojambula zithunzi wa ku Britain. Mu 2018 Shudu anaonekera pa malonda a kampani ya zovala ya Balmain, ndipo odzudzula anafunsa chifukwa chimene ntchito imene mkazi wakuda weniweni akanalipidwa ikupita kwa chithunzi cha mzungu.

Za FN Meka zinafika poipa kwambiri. Uyu anali woimba rap wochita kujambula, wa maonekedwe ndi malankhulidwe otengera anyamata akuda a ku America, ndipo anali ndi otsatira mamiliyoni pa TikTok. Mu August 2022 kampani ya Capitol Records inasaina naye mgwirizano. Mwezi womwewo usanathe inamutaya n'kupepesa kwa anthu akuda, gulu la Industry Blackout litadzudzula kuti chithunzicho chinali chitonzo. Eni ake ankauza dziko kuti nyimbozo zimachokera ku nzeru za makina. Koma woimba wina wakuda, Kyle the Hooligan, anatulukira n'kunena kuti mawu oyambirira anali ake, kuti analonjezedwa gawo m'kampani, ndipo kuti sanalandire kalikonse. Mawu akuti "makina" anakhala chinsalu chobisira wantchito.

Pamene mulibe munthu m'kati

Tsopano pabwera mtundu wina. Mu December 2022 wolemba mapulogalamu wa ku Britain wodziwika ndi dzina lakuti Vedal anaika pa Twitch chithunzi chotchedwa Neuro-sama. Kuseri kwake kulibe wolankhula. Mawu amachokera ku pulogalamu ya AI imene imawerenga mauthenga a owonera ndi kuyankha yokha. Mu January 2023 Twitch inatseka tsambalo kwa kanthawi, Neuro-sama atalankhula mawu okayikira kuphedwa kwa Ayuda m'nthawi ya ulamuliro wa chipani cha Nazi. Vedal analimbitsa zosefera zimene zimadula chiganizo chisanathe.

Otsatira ena amaona zoseferazo ngati zomangira za m'bongo mwa Florence, ndipo amamumvera Neuro-sama chisoni. Fanizoli n'lokoma koma lapitirira. Stanley analemba nthano yake moti owerenga amaona maganizo a Florence m'kati, ndipo sakayika kuti akumva kuwawa. Palibe umboni wotere pa pulogalamu imene ntchito yake ndi kulosera liwu loyenera kutsatira linzake. Chilango cha Twitch chinagwera munthu, ndipo ndalama za owonera zimapitanso kwa munthu.

Freefall ikupitirirabe, ndipo nthawi yake imayenda pang'onopang'ono kwambiri moti tsiku limodzi la m'nthano limatha kutenga chaka chathunthu kapena kuposerapo kuti lithe. Owerenga anadikira zaka zoposa khumi kuti Florence akumane ndi Dr. Bowman, katswiri amene anakonza ubongo wake ndi wa maloboti aja. Atamupeza, anaona kuti mlengi wakeyo ndi chimpanzi chimene anthu anachisintha chibadwa kuti chikamenye nkhondo, ndipo nachonso chinali chosungidwa kuseri kwa zitseko za kampani yomweyo.