Mabuku a mawindo a pakompyuta: wa ku Katete, Sinda ndi Vubwi ayambe ndi liti?

Nyengo yogula soya ndi nsawa ikafika pa Sinda ndi pa Katete, m'mbali mwa msewu wa Great East, ogula ambiri amalembabe m'kope: dzina la mlimi, matumba angati, makilo angati. Madzulo n'kumawonkhetsa pafoni. Chikhalirecho m'maboma omwewa muli anyamata ndi atsikana amene anaphunzira Computer Studies, phunziro limene linalowa m'mayeso a Giredi 9 mu 2015. Word ndi Excel amazidziwa. Chimene ambiri sanaonetsedwe ndi kupanga okha pulogalamu yokhala ndi windo lake, mabatani ake ndi timabokosi tolembamo, yoti wogula mbewu uja azingodina.

Ena amati zonse zinasamukira pa intaneti. Ku Lusaka mwina. Ku Vubwi, boma limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, netiweki imadukaduka ukangolowa m'midzi ya kumalire, ndipo mabandulo amadya ndalama. Pulogalamu yokhala mu laputopu momwemo siidikira netiweki. Buku nalonso n'chimodzimodzi: magetsi akazima, monga zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, la pepala umawerengabe pamene wa mavidiyo a YouTube wangokhala manja lende.

Mabuku onse abwino a nkhaniyi amaphunzitsa chinthu chimodzi chovuta kuchimeza. Pulogalamu wamba imayamba pamwamba, n'kutsika mzere ndi mzere mpaka kutha. Ya mawindo siitero. Imakhala ngati mayi wa pa kantemba: sadziwa kuti wobwera afuna sopo kapena mchere, amangodikira, wina akafika n'kumutumikira, n'kubwereranso pampando. Munthu akadina batani, akakoka windo kuti likule, akagunda kiyi, kompyuta imatumiza uthenga, pulogalamu n'kuyankha msanga. Ikachedwa pa ntchito imodzi, windo lonse limauma, ndiye zija timaona za "Not Responding".

Amene anafotokoza izi momveka kuposa ena ndi Charles Petzold m'buku lake la Programming Windows, limene linatuluka koyamba mu 1988. Lofunika kulisaka ndi lachisanu, la 1998, chibuku cha masamba pafupifupi 1,500 cholembedwa m'chinenero cha C. Kungoti windo lionekere ndi kamoni kake, Petzold amakulembetsa pulogalamu yodzaza tsamba n'kupitirira. Zimatopetsa, koma pamenepo m'pamene umaona ndi maso GetMessage akutola uthenga, DispatchMessage akuupereka, ndi WM_PAINT akuuza pulogalamu kuti ijambulenso mbali ya windo imene inaphimbika. Mutu wachiwiri ndi wa Unicode, ndipo kwathu kuno si wodumpha, chifukwa chilembo cha ŵ chikasokonekera dzina la mlimi limatuluka ndi tizizindikiro tachilendo. Chenjezo kwa otuma achibale kukagula: buku lachisanu ndi chimodzi lili ndi dzina lomwelo, koma likunena za Windows 8 ndi C#, nkhani ina ndithu.

Komabe Petzold sindingamupatse mwana amene wangomaliza Giredi 12 kuti ayambire pamenepo. Angagwe ulesi sabata isanathe. Poyambira pabwino ndi Tkinter, imene imabwera limodzi ndi Python ya pa Windows. Ukaikopera kamodzi pa boma kapena ku Chipata n'kuiika pa fulashi, basi, yakwanira kalasi yonse. Muzu wa Tkinter ndi Tk ya John Ousterhout, mlembi wa Tcl and the Tk Toolkit la 1994. Mizere isanakwane khumi windo latuluka kale, ndipo kudikira uthenga konse kuja kwabisidwa m'lamulo limodzi, mainloop. Buku la Alan D. Moore, Python GUI Programming with Tkinter la 2018, limayenda ndi pulogalamu imodzi yolembetsera zinthu m'fomu kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ntchito yofanana kwambiri ndi kope la wogula soya. Modern Tkinter for Busy Python Developers la Mark Roseman ndi lalifupi, ndipo zambiri za m'menemo zili ulere pa TkDocs.

Wofuna kudyerapo nsima pa lusoli adzakumana ndi Qt, imene Haavard Nord ndi Eirik Chambe-Eng a ku Norway anatulutsa mu 1995. Ubwino wake ndi wakuti pulogalamu imodzi imayenda pa Windows, pa Linux ndi pa Mac. Buku lake lotchuka ndi C++ GUI Programming with Qt 4 la Jasmin Blanchette ndi Mark Summerfield. Lakalamba, poti Qt 6 inafika mu 2020, ndiye zitsanzo zina zimafuna kukonzedwa zisanayende, koma mmene limafotokozera signals ndi slots, njira imene batani limadziwitsira mbali ina ya pulogalamu kuti ladinidwa, sizinasinthe kwenikweni.

Palinso X Window System, imene inayambira ku MIT mu 1984 n'kukhala maziko a mawindo a Unix ndi Linux. Xlib Programming Manual la Adrian Nye, limodzi mwa mabuku a O'Reilly, ndi lowerenga wofuna kudziwa zimene zili pansi pa Tk ndi Qt pa Linux, osati wofuna kumaliza fomu ya kopaletivu mwezi uno. Ndipo Ubuntu ndi Fedora, mitundu ya Linux, masiku ano zimayamba ndi Wayland m'malo mwa X. Wofuna kutsata kumeneko akopere The Wayland Book la Drew DeVault, limene lili ulere pa intaneti.